Mimba ya Norah

Liseli anadziwa nthano zotchedwa manga chifukwa cha Mweetwa. Tsiku lina bamboyu anabweretsa mwana wake wamkazi, Monde, ku saluni ya ku Nottie Broadie kumene Liseli ankaluka tsitsi. Podikira, ankaseka yekha ndi foni. Liseli atasuzumira anaona nthano ya zithunzi ya ku Japan, yowerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere.

"Mulibe nkhondo umu?" anafunsa Liseli.

"Mulibe. Ni anthu chabe. Akudya, akukangana, akukondana molakwika."

Mweetwa ankayendetsa alendo a loji ina ya ku Nakatindi, ndipo akaweruka anayamba kumadzera ku saluni. Awiriwo ankakhala pabenchi, mitu itagundana pafoni imodzi. Nthano yawo inali ya mnyamata wophika buledi amene ankalephera kusiya chibwenzi chake chakale. Liseli ankamuda mnyamatayo, koma Mweetwa ankamuikira kumbuyo.

"Mupatseni nthawi, ba Liseli. Munthu sasintha patsamba limodzi. Wolemba akumukulitsa pang'onopang'ono."

Liseli anawamva mawuwo ngati lonjezo, pajatu Mweetwa nayenso anali ndi wake wakale, Norah, mayi wa Monde. Ankati anasiyana, koma mpope ukadontha kwa Norah, wokonza anali yemweyo. Masiku ena foni yake inkangoitana osayankhidwa, mawa lake n'kutulukira ndi nkhope yamanyazi, tchipisi chili m'manja. Liseli naye sanali woyera. Akapsa mtima ankakwera dala takisi ya Jonah, mnyamata amene ankamufuna, kuti Mweetwa amve. Ankamvadi. Ankakangana, kulira, kenako n'kubwererana.

Pakati pa zonsezi panali Monde. Loweruka kamtsikanako kankakhala pansi, mutu utatsamira mawondo a Liseli, kumasimba za kusukulu mpaka kugona tsitsi lisanathe. Kanayamba kumutchula kuti ba mami ang'ono, ndipo Liseli sanakaletse.

Loweruka lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, amene anabwera ndi Monde anali Norah. Anavala diresi lotakasuka, komabe mimba inkaoneka. Anatuma mwanayo kukagula madzi ozizira, n'kukhala pabenchi.

"Sindinabwere kudzayambana, ba Liseli. Mimbayi ni ya Mweetwa. Anati adzakuuzani yekha, koma ndaona kuti sanena. Inenso wanditopetsa, koma ndipita kuti ndi ana awiri?"

Liseli anafuna kumutukwana, koma ataona mapazi a Norah atatupa m'mapatapata, anaugwira mtima. Monde atabwera, Liseli anamuluka monga mwa nthawi zonse. Mzere wina unakhota, anaumasula n'kuyambiranso.

Madzulo Mweetwa anafika. Atangoona nkhope ya Liseli anadziwa kuti zaululika. Anakhala pansi, chipewa chili m'manja, n'kuyamba kulira ngati ndiye walakwiridwa.

"Ndimakukonda, Liseli. Norah ndimangomumvera chisoni. Ndikusintha, zoona. Ngakhale wabuledi uja wasintha, m'gawo latsopanoli wasankha mmodzi."

"Uja ali ndi womulemba," anatero Liseli. "Iwe akukulemba ndani?"

Liseli anamuuza kuti asadzabwerenso, ndiponso asadzabweretse Monde. Mawu achiwiriwo ndi amene anamuwawa potuluka pakamwa, koma anadziwa kuti mwanayo akamabwera, bambo wake azibwera pambuyo, ndipo iye adzatsegulanso chitseko.

Kunabwera mauthenga ambiri ochokera kwa Mweetwa, ena opepesa, ena omunena za Jonah. Kenako anasiya.

Mvula itayamba, Liseli anakumana nawo pamsika. Norah ankasankha tomato, Mweetwa atanyamula ambulera. Monde ndiye anayamba kumuona, n'kuthamanga kudzamukumbatira m'chiuno.

"Ba mami ang'ono! Ndinalakwa chani? Adadi akuti simufuna kundiona."

Liseli anayang'ana Mweetwa. Bamboyo anayang'ana pansi. Chilungamo chinali pamlomo, koma chinali cholemera kuposa mwanayo.

"Sunalakwe kalikonse, Monde. Ntchito yandichulukira basi."

Norah anabwera, n'kumugwira dzanja mwanayo mofatsa. Anagwedezera Liseli mutu, atatuwo n'kulowa m'gulu la anthu. Monde ankacheukabe mpaka anabisika kuseri kwa matumba a makala.

Liseli anabwerera ku saluni osagula kanthu. Anapeza mayi wina akumudikira, atamasula kale tsitsi.

"Nanga masowa afiira bwanji, mwanangu?"

"Ni mankhwala a tsitsi, amayi," anatero Liseli, n'kuwakokera mpando.