Khoswe Wosaopa Dzanja

Ntchito ya Che Nassoro inali yovuta kuitchula pagulu. Munthu wamkulu, wandevu zake, amene anakulira m'bwato ku Chembe akukoka ukonde wa chilimira, tsopano ankalawirira pa njinga kuchoka kwa Mponda kupita kukasamala makoswe. Osati kuwatchera ayi. Kuwasinthira utuchi wogonapo, kuwathirira madzi m'mabotolo, kuwayeza thupi ngati ana a kusikelo. Kumudzi kwa mkazi wake, kumene ankakhala chikamwini, ankangodziwa kuti amagwira ntchito ku labotale pamodzi ndi madokotala, ndipo iye sankawonjezerapo kanthu.

Labotaleyo inali kanyumba ka kunja kwa tauni ya Mangochi, kofufuzirako mankhwala a likodzo, matenda aja okodzetsa magazi ana a kunyanja. Makoswe ake sanali a kudenga oboola matumba aja. Anali oyera mbee, maso ofiira, obwera pagalimoto m'mabokosi, osadziwa mphaka kapena msampha.

Mkulu wa kafukufukuyo, mayi wina dzina lake Dokotala Tikhala, anamuuza tsiku loyamba lomwelo kuti, "A Nassoro, khoswe wamantha amavutika, ndipo ngakhale zofufuza zathu zimasokonekera. Ndiye muziwagirigisha."

"Kuwatani, adokotala?"

"Kuwagirigisha. Ngati mwana."

Anamuonetsa. Zala kuseri kwa khosi, kumutembenuza chagada, kumugirigisha pamimba, kenako kuchotsa dzanja kuti khosweyo alithamangire. Che Nassoro anayamba wasuzumira pawindo kuti pasakhale wa kwawo akudutsa. Koma dokotala anayatsa kachipangizo kogwira mawu amene khutu la munthu silimva, ndipo m'chipindamo munadzaza timawu ngati ta anapiye. "Akuseka amenewo," anatero. Kuyambira tsiku limenelo mtima wa Che Nassoro unagwidwa, moti ankafika pantchito mlonda asanatsegule geti.

Miyezi inapita. Makoswe anazolowera dzanja lake, akangotsegula khola ankalimbirana kukwera pachikhatho. Dokotala anamuletsa kuwapatsa mayina, ndipo anamvera, kupatula kwa mmodzi. Ameneyo anali wamkazi, wapadera, wobwera kuti wina akafa alowe m'malo. Sanamubaye tizilombo ta likodzo, sanamumwetse mankhwala. Pamchira anamupaka inki ya buluu, ndiye Che Nassoro chamumtima ankamutcha Abiti Buluu. Kakhosweko kankakonda kulowera kumkono wa malaya n'kukatulukira pakhosi.

Tsono kafukufuku ali ndi mathero, ndipo mathero a khoswe wa mu labotale ndi amodzi. Amamubaya jakisoni wa tulo tosadzuka, kuti madokotala aone chiwindi. Wogwira anali Che Nassoro yemweyo, poti m'manja mwake makoswe sankaphupha. Ankabwera okha akuyesa ndi masewera aja, ena mpaka kudzigoneka chagada. Dokotala anati imeneyo ndiyo imfa yabwino, yopanda mantha, ndipo sananame. Koma Che Nassoro anamva chisoni chachikulu, komanso anadziona wachinyengo, ngati munthu woitana nkhuku ndi chimanga mpeni uli kumbuyo. Sabata imeneyo chakudya sichinkamulowa.

Atatha onse panatsala Abiti Buluu. Otsalira nawo njira yawo ndi yomweyo, chifukwa palibe wodyetsa khoswe wopanda ntchito. Che Nassoro anaimirira pakhomo la ofesi manja ali kumbuyo.

"Adokotala, uyu yekha ndipatseni. Alibe matenda, alibe mlandu."

Dokotala Tikhala anayankha kuti, "Khoswe akakhala yekha amasungulumwa, a Nassoro. Komanso uyu dziko salidziwa. Kunjaku kuli amphaka, kuli kutentha, kuli anthu."

"Kwathu kulibe mphaka. Anthuwo ndiwauza."

Dokotala anakafunsa kwa akuluakulu ake, ndipo patapita masiku anavomera. Che Nassoro anamangirira khola la waya pa njinga ataliphimba ndi chiguduli. Mkazi wake Shakila atavundukula anagwira pakamwa.

"Bambo, anzanu amabweretsa nkhuku."

"Ukawauze amayi kuti ndi wanga. Akamuona asamuphe."

Mwina mungafunse kuti bwanji sanakanene yekha, poti nyumba yake ndi ya apongozi zinali zoyang'anizana. Che Nassoro anali mkamwini wa mwambo wakale. Akakumana panjira ndi Abiti Wadi, amayi a Shakila, ankapatuka, ndipo mawu onse ankadzera mwa mkazi wake. Zaka zonsezo sanawakwezerepo mawu, pamudzi ponse ankamutama nazo. Shakila analonjeza kuti akanena. Koma akafika pakhomo pa amayi ake lilime linkalemera. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna. Anene bwanji kuti mwamuna uja ankamunyadira kuti ndi wa kwa madokotala akuweta khoswe kuchipinda? Ankati mawa, likafika mawalo n'kunenanso kuti mawa. Mwamunayo akafunsa ankangoti, "Ndinawauza kale, musadandaule."

Lachisanu lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, Che Nassoro anapita ku mzikiti. M'nyumba ya malata munali ngati mu uvuni, ndipo Shakila anapeza khoswe uja atagona chafufumimba akupuma mwawefuwefu. Anamumvera chisoni, poti naye anali atayamba kumukonda mobisa. Anatulutsa khola n'kukaliika pamthunzi wa mango, anathira madzi m'kambale, n'kunyamula ndowa kupita kumjigo. Kachitseko anakabweza, koma sanakole waya.

Che Nassoro potulukira pampanda ndi mkanjo wake woyera anaona zonse nthawi imodzi. Abiti Wadi anali pamkeka akusankha mpunga m'lichero, dzanja lamanzere lili pansi likutola timbewu totayika. Kuchokera kumango kuja Abiti Buluu ankabwera poyera. Sankadzera m'mbali mwa khoma ngati makoswe ochenjera. Ankalondola dzanja loyendayenda pamkekalo modumphadumpha, monga ankachitira m'mawa uliwonse ku labotale.

Mayiwo anamuona khosweyo. Khoswe woyera ngati nsalu ya maliro, masanasana, wobwera kwa munthu mosaopa, kwa iwo sichinali chinyama wamba. Chinali chotumidwa ndi munthu woipa mtima. "Audhubillahi," ananong'ona popempha Mulungu kuti awatchinjirize, dzanja lamanja likufufuza chikuni chimene ankaingitsira nkhuku.

Mpata unalipo, tisanamizane. Che Nassoro akanakuwa, mayiwo akanadzidzimuka. Akanathamanga, akanawagwira mkono. Koma pakamwa poti sipanakuwirepo apongozi sipadziwa poyambira, ndipo miyendo yozolowera kupatuka sinathe kulunjika. Thupi linachita zimene linaphunzira. Che Nassoro ananjuta pampanda pomwepo n'kuwomba m'manja mwaulemu.

"Zikomo, amayi. Pepani, ndimati..."

Chikuni chinatsika kamodzi kokha. Khosweyo anali atafika kale n'kudzigoneka chagada pafupi ndi zala zawo.

Abiti Wadi ataona mkamwini anakokera mpango kumaso n'kutembenukira kumbali. Nthawi yomweyo Shakila anatulukira ndi ndowa pamutu, ndipo mayiwo analankhula kwa iye monga mwa masiku onse.

"Shakila, uwauze amuna ako kuti pakhomo pano pafika zoipa. Mwayi wake ndachiona ndine. Akachitaye kutali."

Shakila anangoima, madzi akumutayikira pamapewa. Anayang'ana mwamuna wake, ndipo pankhope pakepo Che Nassoro anadziwa kuti uthenga uja sunafike konse. Akanakalipira yani? Mayi amene anateteza khomo la ana ake? Mkazi amene anatulutsa khola chifukwa cha chifundo? Mkwiyo unasowa potera, unangobwerera kwa mwini wake.

"Uwauze amayi kuti ndamva," anatero.

Anatola kathupiko kadakali kofunda. Sanakataye kudzala. Anakakwirira kuseri kwa mpanda, pansi pa mtengo wa nimu, n'kuikapo mwala kuti agalu asafukule. Madontho a magazi pamkanjo Shakila anawachapa osafunsidwa, ndipo pakati pawo nkhaniyo sinatchulidwenso.

Lolemba m'mawa anapeza galimoto itaima pa labotale, mabokosi atsopano akutsitsidwa. Dokotala Tikhala anamulonjera mwansangala.

"Nanga mlendo wanu uja akupeza bwanji kumudzi?"

"Anatisiya, adokotala."

Dokotala anamuyang'ana, koma sanafunse zambiri. "Pepani, a Nassoro." Kenako analoza mabokosi aja. "Awa ndi ana, ndipo ulendowu wawaopsa kwambiri. Muyambe kuwazoloweza lero lomwe."

Che Nassoro anasamba m'manja n'kutsegula khola loyamba. Timakoswe tonse tinathawira pakona, tinaunjikana tikunjenjemera. Mumtima anatiuza kuti mwachita bwino, khalani choncho, musabwere. Koma ankadziwanso kuti tikakhala ndi mantha tivutika tsiku lililonse mpaka tsiku la jakisoni, ndipo jakisoniyo abwera ndithu, kaya tiseke kaya tisaseke. Anasiya dzanja lili chigonere pautuchi.

Patapita kanthawi kamodzi kanatuluka pamulu paja, kanaima, kananunkhiza chala chake chachikulu. Che Nassoro anakagwira kuseri kwa khosi, anakatembenuza chagada, n'kuyamba kukagirigisha.