Tambala wa pa Galasi

Abdulaziz anatsika basi ya ku Blantyre pa Balaka dzuwa lili paliwombo, malaya atamata kumsana. Chinali chaka cha chilala chija, 1992, ndipo iye anali atatopa nayo ntchito yoyendayenda kukonza makompyuta a anthu amene ankawagula pofuna ulemu chabe. Ofesi yogula thonje imene inamuitana inali nayo imodzi, ya pa tebulo, yofunditsidwa chitenje kuopa fumbi.

Bwana wa pamalopo, a Blasius, sanataye nthawi ndi malonje.

"Mwina wodwala ndi makinawa, mwina waulesi ndi mtsikanayu. Mundiuze chimodzi lero. Ngati makina ali bwino, Lolemba pampandopo pakhala wina."

Mtsikana ankanenedwayo anali Nafisa wa kwa Kawinga, wotayipa makalata, mayi wa ana atatu amene bambo wawo anapita ku Joni osatembenukanso. Nafisa anaimirira n'kupereka mpando kwa Abdulaziz, maso ali pansi.

Abdulaziz anadina batani limodzi, kenako n'kudikira. Kanyali ka disiki kanangoti phethiphethi, m'kati mukumveka kukukuta, chilembo osatuluka. Matendawa ankawadziwa. Memole ya makina otere ili ngati lichero laling'ono: likadzaza, makina amatuta zina kukaika pa disiki, ku nkhokwe, n'kumakazitenganso akazifuna. Tsiku lonse limathera m'njira. Amisiri amati swapu.

Anapinda manja a malaya. Anasesa disiki, n'kusonkhanitsa malo opanda kanthu pamodzi, n'kupatula chigawo chokhazikika cha swapu kuti makina asamafunefune poika katundu. Anachikuza, kukukuta kunakula. Anachichepetsa, makina anadandaula kuti malo atha. Anachisiya pakati. Panasinthako, koma kusintha kwake kunali koti ungachite manyazi kukuonetsa munthu.

Atatseka zonse kuti ayambenso, m'pamene anauona mutu wa nkhani. Kumbuyo kwa zolemba, galasi lonse la kompyuta linadzaza ndi chithunzi cha tambala wakuda wa chipani cholamula, lipombo lili psuu. Chithunzi chotere chimakhala m'memole kuyambira poyatsa mpaka pozimitsa, ndipo pa kamakina kosauka ngati aka chinali chitadya malo a ntchito. Kuchichotsa kunangofuna chala chimodzi basi.

"Tambalayu anaika ndani, bwana?"

"Ineyo!" a Blasius anadzigunda pachifuwa. "Wapampando wa chipani kuno atabwera anaomba m'manja. Amadzera pano Lachisanu lililonse kudzamuona. Bwanji, pali vuto?"

Vuto! Masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha nkhani yochepa kuposa kufufuta tambala. Abdulaziz anaganiza za mkazi wake ku Ndirande, ndipo anachita mantha, mantha enieni.

"Iyayi, bwana. Ngokongola."

Anabwereranso ku swapu ija, kukuza, kuchepetsa, kuzimitsa, kuyatsa, akudziwa bwinobwino kuti akungopha nthawi. Nafisa anamubweretsera madzi m'kapu ya pulasitiki. Iye anamwa osamuyang'ana kumaso. Dzuwa litapendeka, a Blasius anaima pakhomo akugwedeza makiyi.

"Tsono amisiri, tinene kuti chiyani? Makinawa ali ndi chilema?"

"Ndakonza zonse zimene ndikanatha."

"Sindinafunse zimenezo. Pali choti chichotsedwe kapena chisinthidwe?"

"Palibe, bwana."

"Basi, ndamva." Anatembenukira kwa Nafisa. "Mwadzimvera nokha, eti?"

Nafisa anafunditsa makina chitenje chawo bwinobwino, n'kunyamula chikwama cha zida cha mlendo kumuperekeza, monga achitira munthu woleredwa. Anayenda limodzi mpaka pa mtengo wa mlambe wa kumsewu. Pamenepo Abdulaziz anatembenukira kwa iye.

"Achemwali, pepani. Makina amenewa..."

"Ndi tambala uja, achimwene," anatero Nafisa motsitsa mawu. "Zinayamba tsiku lomwe anamuika. Ndakhala naye miyezi yonseyi, ndingalephere kumudziwa?"

"Nanga osanena bwanji?"

"Ine ndinene? Ndimagona konkuno, ana anga amaphunzira konkuno. Inu basi ikubwerayo ikutengani." Anamupatsa chikwama ndi manja awiri. "Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ndinawachonderera ndine abwana kuti akuitaneni."