Chitofu cha Amake Lidia

Sikuluwu yachinayi inakana kumasuka. Bambo Zebedee anaisiya kaye, napukuta manja pathalauza, n'kucheukira mwana wawo Lidia amene anali chikhalire pasutikesi yake pafupi ndi chitseko. Chitofu cha gasi anali atachikokera pakati pa chipinda, ndipo pamalo pamene chinakhala zaka zisanu ndi chimodzi panatsala dzimbiri, ukonde wa kangaude ndi supuni imodzi yomwe inagwera kumbuyoko kalekale.

Mkazi wawo Adelaide anali atagona kumanda masiku asanu. Kolera inamutenga m'masiku awiri okha, mu Disembala uja wa 2008 pamene mipope ya kudera kwawo ku Mufakose inauma ndipo zonyansa zinkayenda m'misewu. Maliro sanaliridwe monga mmene anthu amalirira. Thupi linachoka kutenti ya odwala litakulungidwa m'pulasitiki, ndipo azaumoyo analetsa kugwirana chanza, kuphika ndi kugona pasiwa. Kumanda ku Mbudzi kunapita anthu asanu ndi awiri. Lidia, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Joni, anachedwa pamzere wa pamalire ku Beitbridge, ndipo anafika mayi ake ataikidwa dzana lake.

M'sutikesimo anabweretsa shuga, sopo, mafuta ophikira, ndi kabokosi kakuda kokhala ngati ka machesi koma kokulirapo, kokhala ndi timano tolumikizirapo mawaya. Kanali koyatsira chitofu. Kakale kanafa chaka chatha, ndipo chiyambire Epulo Adelaide ankakumbutsa mwana wake pafoni kuti amugulire kena, chifukwa machesi anasowa m'masitolo limodzi ndi china chilichonse, ndipo masiku ena ankachita kukapala moto kwa eni nyumba ndi kapepala kopota. Lidia anakagula mu Juni, n'kukasunga kuti adzabwera nako pa Khisimisi. Atakatulutsa, anakaika patebulo, ndipo kanakhala pomwepo masiku atatu, onse awiri akukalambalala ndi maso.

Bambo Zebedee anadonthezera mafuta ophikira pasikuluwu ija, nadikira, kenaka anakanikiza chomasulira ndi manja onse awiri. Inalira pang'ono n'kugonja. Chitsulo chakumbuyo chinachoka, ndipo fungo la mafuta akale linadzaza chipinda.

Apa Lidia anayambanso nkhani yomwe anaiyamba dzulo lake. Ankayankhula Chichewa chosakaniza ndi Chishona, monga ana ambiri a anthu ochokera ku Malawi obadwira m'dziko la eni, ndipo akafuna kukakamira mfundo Chishonacho chinkachuluka. Anati ntchitoyo inali yotaya nthawi. Ku Warren Park kunali munthu wokazinga tchipisi amene ankafuna chitofucho pamodzi ndi botolo lake la gasi. Chipinda abweze kwa eni ake, iwo akwere naye basi Lachisanu. Ku Joni anali ndi kachipinda kumbuyo kwa nyumba ya abwana, ndipo akanadzagawa pakati ndi nsalu.

Bambo ake anayankha maso ali m'mawaya. Anamukumbutsa kuti alibe pasipoti ndipo sadzaipeza, poti chitupa chawo chimati ndi mlendo, ngakhale anabadwira pafamu ya fodya ku Banket ndipo ku Malawi kwa makolo awo sanapondeko phazi. Lidia anati ambiri amaoloka opanda mapepala. Iwo anati ambiriwo mawondo awo akadali olimba.

"Baba, mukhala ndi yani muno?" anafunsa Lidia. "Mudzadwala muli nokha, ine ndidzachedwanso pa Beitbridge. Kawiri konse? Sindingathe."

Bambo Zebedee anaweramiranso pachitofu. Kenaka anamupempha kuti abwere awagwirire tochi, chifukwa m'kati mwa chitofumo munali mdima ndipo maso awo anali atayamba kuchita nkhungu.

Lidia anagwada pambali pawo. Zaka makumi awiri Bambo Zebedee anakonza mathirakitala ndi mapampu a pafamu, ndipo manja awo ankakumbukabe ntchito. Anaonetsetsa kaye kuti gasi ndi wotseka pabotolo. Kabokosi kakale kanali pakona, koyera mbuu ndi madzi a batire lomwe linaphulikiramo. Kuchokera pamenepo mawaya anayi opyapyala ankakwera m'mwamba, aliyense ku mbale yake yophikirapo, ndipo awiri ena ankapita ku batani. Asanazule waya aliyense ankamumanga kaulusi, mfundo imodzi woyamba, ziwiri wachiwiri, kuti asadzasokoneze. Ulusiwo anautenga m'chitini cha singano cha malemuyo.

Chitofucho chinachokera kunyumba yaikulu ya pafamu, kumene Adelaide anali wophika. Famu italandidwa, mkazi wa mzungu mwini famuyo anamusiyira ngati chotsanzikira, ndipo iwo anachikweza palole pamodzi ndi mphasa ndi nkhuku ziwiri. M'chipinda cha lendi ku Mufakose chinadya malo a bedi, moti ankagona pamatiresi pansi, koma Adelaide sanalole kuti chigulitsidwe ngakhale m'miyezi imene ankadya kamodzi patsiku.

Kabokosi katsopano kanali ndi mabowo osiyana ndi akale, choncho anakamangirira ndi kawaya ka mkuwa. Analumikiza mawaya onse, natenga batire muwailesi n'kuikamo. Anadina batani. Zii.

Anadinanso. Kunja kunkamveka kondakitala wa kombi akuitanira anthu opita kutauni, koma m'chipindamo munalibe phokoso lililonse. Bambo Zebedee anamva manyazi achilendo, ngati alephera pamaso pa mkazi wawo. Lidia anasendeza tochi, nalozera ndi chala waya wina amene anangolendewera pamano osagwira. Kenaka analowetsa dzanja lake n'kumukankhira yekha mpaka anamveka kuti walowa.

Batani litadinidwa kachitatu, chitofu chinayankha: tcha tcha tcha tcha. Timbaliwali tinadumpha pambale zonse zinayi. Anatsekula gasi, napotoza kachitsulo ka mbale yakutsogolo, ndipo moto wobiriwira unazungulira n'kukhazikika.

Lidia anazimitsa tochi. Anauyang'ana motowo nthawi yaitali, kenaka anati, "Ndikanatumiza ndi woyendetsa basi mu Juni momwemo." Analira mosatulutsa mawu, mutu atautsamiritsa pachitseko cha uvuni. Bambo ake anadzuka. Anatunga madzi m'ndowa, nateleka ketulo.

Lachisanu anamuperekeza kukakwera kombi. Nkhani ya ku Joni sinathe, inangoimitsidwa. Lidia anawalumbiritsa kuti asamwe madzi osaphitsa ndiponso kuti foni izikhala yoyaka. Kombi itanyamuka anaimirira pamsewupo mpaka wogulitsa tomato anawapempha kuti asendere.

Masiku otsatira anali aatali. Kale ankalawirira kumsika wa ku Mbare kukankha ngolo ya katundu wa amalonda, n'kubwera dzuwa litapendeka. Tsopano mphamvu zoti apite zinalibe. Ankasesa, n'kukhala pakhomo. Anansi ankawalonjera ali patali, ena chifukwa choopa matenda, ena chifukwa nawonso anali ndi maliro awo. Nthawi zina ankadina batani lija popanda chophika, kungofuna kumva kanthu kakuyankha m'chipindamo.

Lolemba m'mawa, ali pafupi kuteleka tiyi, wina anaodira pakhomo. Anali mayi wowonda, mwana kumsana, poto wamkulu wa madzi m'manja. Nkhope yake ankaidziwa pang'ono. Anati dzina lake ndi Filomena, kwawo ndi ku Tete, ndipo amakhala m'kanyumba ka matabwa kuseri kwa nyumba yachitatu. Anapepesa maliro atagwada, napepesanso kuti sanabwere msanga.

Kenaka anafika pa chimene anadzera, akuyang'ana pansi. Anati chiyambire matendawa amake Lidia ankamuphitsira madzi akumwa m'mawa uliwonse, iye ndi amayi ena awiri a mumzere womwewo, chifukwa magetsi sankabwera ndipo nkhuni zinali zosagulika. Chimwalirire iwo wakhala akusonkha mapulasitiki ndi zitsononkho, koma mvula yanyowetsa zonse, ndipo ana ake atatu anali asanamwe kanthu chidzukire.

Bambo Zebedee anali asanamvepo za nkhaniyi. Zimenezi zinkachitika iwo ali ku Mbare. Anakumbuka kuti mu Novembala anamukalipira mkazi wawo kuti gasi akutha msanga ngati akumwa, iye n'kungoseka kuti mwina botolo labooka.

"Ndikanachita manyazi kubwera," anatero Filomena, "koma iwo ankatiuza kuti ndinu munawalamula. Ankati, musandithokoze ine, gasiyu ndi wa bambo, ndiwo anati mwana wa mnzako asamwe madzi osaphitsa iwe uli ndi moto. Ndiye ndinati ndikafike kwa eni ake."

Mawu amenewo Bambo Zebedee sanawanenepo. Anatsekula pakamwa kuti atero, koma anaona mmene mayiyo anagwirira poto, mikono ikunjenjemera ndi kulemera kwake, ndipo anameza mawuwo.

Anamulandira potoyo. Anasuntha ketulo yawo kuiika pambale yaing'ono yakumbuyo, nakhazika madzi a Filomena pambale yaikulu, n'kuyatsa. Kenaka anatulutsa mpando wa Adelaide panja kuti mayiyo akhalepo podikira, namuuza kuti pobwerera akadzere kwa amayi awiri aja, akawauze kuti abwere ndi mapoto awo.