Mano a Malemu M'mphepete mwa Payi

Amuna anga a Jeremiya anali khukhi wa azungu ku Zomba zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Anamwalira mu 1994, mvula itangoyamba. Sabata isanathe, alamu anga a Nickson anafika ndi ngolo. Anatenga mipando, wailesi, mbale, masipuni, mafoloko onse. Munthu wodya ndi manja chibadwire, foloko akakanda nayo msana? Chimene anasiya ndi mano oikirira a malemu, amene anali m'kapu pawindo. Amenewo anawaopa.

Kenaka ndinamva kuti mayi Eluby, akazi a aphunzitsi aakulu kuno ku Domasi, akufuna wophika. Ndinapita, chifukwa ana anga atatu sadya maliro.

"Mayi a Dina," anatero, "amuna anu ankaphika payi ya nkhuku yokongola m'mphepete ngati nsalu yoluka. Mukandibweretsera yotero Loweruka, ntchito ndi yanu."

Kuphikako ndimadziwa. Ndinakanda fulawa ndi majarini, nkuyendetsa botolo pamwamba mpaka inapyapyala. Nkhuku pansi, chivundikiro pamwamba, timasamba tiwiri todula ndi mpeni pakati. Chinatsala nkudinda m'mphepete kuti msuzi usatuluke. Foloko ndilibe. Ndinayesa chala, zinaoneka ngati mwayenda bakha. Mudzi wonse foloko ali nayo ndi aneba anga a Esnath okha, ndipo sitilankhulana chifukwa cha mbuzi yawo.

Ndinayang'ana pawindo. Ndinati, a Jeremiya, mwandisiya ndi ana, lero mugwira ntchito. Ndinawawiritsa manowo kawiri ndi mchere, nkuyamba kulumitsa m'mphepete monse, kamodzi kamodzi, mozungulira. Ndinapaka dzira ndi nthenga, nkuika mumphika, makala pansi, makala pamwamba. Inatuluka yofiirira, mizere yofanana ngati asilikali pa pelete.

Loweruka bambo a m'nyumbamo anadya zidutswa ziwiri ataimirira. Mayi Eluby ankangotembenuza mbale.

"Foloko yake ndi yamtundu wanji iyi? Ya ku Joni?"

"Si foloko, mayi."

"Ndionetseni, ndikagule yanga."

Ine bodza sinditha. Ndinamasula mfundo ya chitenje nkuika mano aja patebulo. Mayi anakuwa. Bambo anasiya kutafuna, nkuwerama kuyang'ana bwinobwino.

"Si a Jeremiya awa? Ndawazindikira kuseka kwake. Muli bwanji, achimwene?"

"Bambo, musawalonjere!" anatero mayi. "Mwadya zolumidwa ndi wakufa!"

"Ali moyo ankalawa msuzi ndi mano omwewa, simunadandaule," anayankha bambo.

Ndinawauza kuti ndinawiritsa kawiri, ndipo ngati akufuna foloko akaifunse kwa a Nickson ku Naisi, amene mwina akupalira nayo mpunga. Mayi anakokera mbale ija pafupi. Kenaka anathyola kachidutswa ka pakati, kutali ndi m'mphepete, nkulawa.

"Lolemba mubwere. Alendo anga asamve nkamodzi komwe. Ndipo malemuwo azilowera khomo la kuseri."

Khomo la kuseri! Munthu analowera kuseri kwa azungu moyo wake wonse, afe, alowerenso kuseri kwa Mmalawi mnzake? Lolemba ndinamanga mfundo yanga bwinobwino, nkugogoda khomo la kutsogolo. Anatsekula mayi Eluby eni ake. Anayang'ana mfundoyo, nkupatuka kuti tidutse.