Nyumba Ziwiri za Felista

Anastazia Mbewe anali namwino pa kachipatala kena kufupi ndi Mchinji Boma, koma ntchito yake sinali ya jakisoni. Anaphunzira za matenda a maganizo, ndipo kwa iye kunkabwera ana osiya kulankhula, ana odzidzimuka kutulo, ndi amayi amene mtima wawo wazizira pa makanda awo omwe. M'chipinda mwake munali mphasa, dongo m'beseni ndi zitsononkho zoseweretsa.

Mmawa wina m'chaka cha 2003 kunafika mayi wa ku Mavwere, dzina lake Esitele, atagwira padzanja kamtsikana ka zaka zinayi.

"Uyu ndi Felista, anesi," anatero Esitele. "Kutchalitchi ndapita naye, kwa asing'anga ndapita naye. Sagona. Ndiye wayamba kulankhula Chinyanja cha ku Zambia, chonsecho malire sanawolokepo. Akamva ludzu akumati 'nifuna manzi'. Kwathu palibe wolankhula choncho."

"Bambo ake ali kuti, mayi?"

"A Benedict anatisiya mwanayu ali ndi miyezi iwiri. Ankayendetsa lole, njira ya ku Chipata."

Anastazia sanamupanikize mwanayo ndi mafunso. Anangokhala naye pamphasa n'kumusendezera dongo. Felista anaumba nyumba ziwiri, nalemba mzere pakati pake ndi chala. M'nyumba iliyonse anaikamo zitsononkho ziwiri, chachikulu ndi chaching'ono. Chachisanu anachiimika pamzere penipeni.

"Ameneyu ndani?" anafunsa Anastazia.

"Atate. Sadziwa kolowa."

"Nanga wamng'ono wa m'nyumba inayi?"

"Luwiza. Anapsa apa." Felista anadzigwira pachigongono. "Atate amaimbira iye. Ine nimamvela chabe."

Anastazia sanaonetse kudabwa. Ankadziwa kuti ana amatola mawu m'maminibasi ndi kwa ogulitsa zitenje, amatolanso zimene akuluakulu akubisa. Atafunsidwa bwino, Esitele anavomera kuti chichitikire maliro dzina la malemuyo silitchulidwa pakhomo pawo, ndipo kuti iye ankakayikira kale zoti kutsidya kunali mkazi wina. Anastazia anamupempha kuti azibwera mlungu uliwonse, ndiponso kuti ayambe kumuuza mwanayo za bambo ake, zabwino ndi zowawa zomwe.

Anayenda choncho mpaka fodya atatha kuthyoledwa. Tsiku lina masana Esitele analowa maso ali psuu, kumbuyo kwake kuli mayi wachilendo ndi mwana wamkazi wa msinkhu wa Felista.

"Awa ndi a Agnes a ku Chipata," anatero Esitele. "Afika dzulo, akufunsa manda a amuna anga. Akuti analinso amuna awo."

Agnes ananena motsitsa mawu kuti mudzi wa Benedict sankaudziwa. Anauphunzira kwa mwana wake Luwiza, amene kwa miyezi ingapo wakhala akudzuka akulira, akutchula Mavwere ndi dzina lakuti Felista. Anastazia anayang'ana mkono wa mwanayo. Pachigongono panali chipsera cha moto, chatsopano ndithu.

Ana awiriwo sanapatsane moni, sanachitenso manyazi. Anakhala pamphasa n'kuyamba kukanya dongo ngati anthu amene anasiyira masewera panjira dzulo lake. Posakhalitsa onse awiri anatukula mitu nthawi imodzi, nayang'ana kukhomo. Chitseko chinali chotsegula, panja dzuwa lili phwee, pakhonde popanda munthu. Felista anasendera kumanzere, Luwiza kumanja, n'kusiya malo pakati pawo okwanira munthu wamkulu. Luwiza anayamba kung'ung'udza kanyimbo.

Esitele anagwira pakamwa. Agnes anaweramitsa mutu. Anastazia anamvetsera nawo mpaka nyimboyo inatha.

Mawa lake amayi awiriwo anapita kumanda limodzi ndi anawo. Esitele anapitiriza kubwera kwa Anastazia mpaka mvula inagwa, chifukwa mkwiyo wake unali usanapeze potulukira. Felista anayamba kugona, ndipo Chinyanja chija chinazilala pang'onopang'ono. Agnes akamadutsa ndi katundu wa malonda ankagona kwa Esitele, ngakhale kuti awiriwo sanafike pokondana.

Patapita zaka, Anastazia anakumana ndi Felista pamsika wa pa Boma, atavala yunifolomu ya sukulu. Anamufunsa ngati amawakumbukira bambo ake.

"Ayi, sindiwadziwa," anayankha mtsikanayo mwaulemu. "Anamwalira ndili khanda."