Mkondo Wautali wa a Patson

Chaka cha mliri chija, ansembe athu ku Girrawheen, kudziko la eni kuno, anatilola kuchita sewero la Lachisanu Loyera panja, poimika magalimoto. Lamulo linali lakuti munthu atalikirane ndi mnzake mita imodzi ndi theka, pokhapokha ngati ndi a nyumba imodzi. Nanga asilikali achiroma akanamugwira bwanji Yesu?

Yankho linachokera kwa a Patson, mkulu wa asilikaliwo. Ntchito yawo ku Malaga, dera loyandikana nafe, itaima, iwo anangokhalira kuonera mafilimu a nkhondo zamakedzana, mpaka anayamba kuyankhula ngati anamenya nawo. Anatiuza kuti kale kunali asilikali a mikondo italiitali, moti mdani ankafa asanaone n'komwe nkhope ya womubaya. Vuto linali limodzi: munthu akangodutsa nsonga, mkondowo unkasanduka ndodo yachabe. Anabweretsa mapaipi apulasitiki, n'kumangirira nsonga za makatoni.

Mkondo wawo wokha unali ndi nsonga yamtengo, yosongoka bwino, ndipo chifukwa chake tinkachidziwa. Yesu anali Fidelis, nesi wofatsa amene ankafuna kukwatira Scholastica, mlongo wa a Patson wokhala nawo nyumba imodzi. Malire a mayiko atatsekedwa, amalume a Fidelis analephera kubwera kuchokera kumudzi, ndiye mnyamatayo anafunsira mbeta pafoni. A Patson zinawawawa kwambiri. Kuno m'bale wa Scholastica anali iwo okha, ndipo suti yaunkhoswe anali atagula kale.

"Nthiti za mnyamata ameneyu zimva kuti kwathu kuli anthu," anandiuza mokweza, poti kunong'oneza kunali koletsedwa.

Tsikulo litafika, Fidelis anaima pamtanda atazyolika ngati wakufa, koma diso limodzi linali pa nsonga ija. A Patson anatsitsa mkondo, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono kuti apeze mphamvu.

Scholastica, yemwe anali Maria, anasiya kulira. Anadutsa nsonga ija, n'kuyenda m'mbali mwa mkondo mpaka pamphuno pa achimwene ake. Palibe akanamuletsa, si a nyumba imodzi nanga? A Patson poyesa kutembenuza chida chawo, kumbuyo kwake kunagwetsa chipewa cha msilikali wina.

"Achimwene," anatero Scholastica kuseri kwa masiki, "akangotuluka kadontho kamodzi ka magazi, tikukalembetsa ukwati kuboma. Inu mudzaonera zithunzi pafoni ngati anthu akumudzi."

Kunena zoona ndinawamvera chisoni. Mkulu wa asilikali anayang'ana mlongo wake, n'kuyang'ananso mtanda. Kenako anasendeza mkondo pang'onopang'ono, n'kukhudza nthiti zija mwaulemu ngati akupukuta fumbi pa chithunzi.

Nsonga inangomugirigisha Fidelis. Analuma milomo, anafinya maso, koma zinakanika. Wakufa uja anaphulika ndi chiseko pamtanda, mapewa akugwedezeka, ndipo amayi a kwaya anabisa nkhope m'zitenje.

Ansembe anatseka buku lawo, n'kunena kuti chaka chino kuuka kwafulumira.

Fidelis akupukuta misozi anati, "Pepani alamu."

A Patson anaponya mkondo pansi. "Ulamu wake uti? Ubwere kunyumba Loweruka, wapansi osati pafoni. Ukhale pabwalo, nsapato uvule."

Scholastica anakonza mpango wake, n'kubwerera pamalo pake kukapitiriza kulira.