Chulu cha M'munda mwa Kalebe

M'mapiri a pakati pa Dowa ndi Ntchisi muli mudzi wina umene anthu ake ndi akatswiri poiwala. Ukawafunsa za Kalebe, mlongo wake wa Rakele, onse ankayankha ngati anachita kupangana: "Ameneyo anathawira ku Mozambiki." Ngakhale ana obadwa dzulodzuloli ankayankha momwemo.

Rakele ankadziwa kumene Kalebe anali. Anali kumapeto kwa munda wake womwe, pansi pa mulu wa dothi umene mudzi wonse unkautcha chulu.

Zinachitika mu 1972, dzuwa likuswa mtengo. Kalebe anali atalowa mpingo uja wokana kugula khadi la chipani. Kenaka kunabuka mphekesera yoti mudzi wosunga munthu wotero fodya wake sagulidwa kumsika. Amene anaiyambitsa sadziwika mpaka lero, koma pofika masana aliyense anali ataimva kwa munthu wodalirika. Amayi anayambitsa nyimbo, amuna anazula mitengo ya chigafa, ndipo anthu amene dzulo lake ankapemphana moto ndi Kalebe anathamangira kwake maso ali psu. Rakele anakuwa mpaka mawu anatha. Misala ija itawachoka, anapeza munthu sakupuma. Kumanda sakanapita naye, poti pamaliro pamafunika kulengeza chimene chapha munthu. Anangomukwirira kumapeto kwa munda wake n'kuunjikapo dothi. Chiswe nacho, chopanda manyazi, chinabwera n'kumangapo, bodza lija n'kusanduka ngati zoona.

Chimene chinkamuwawa Rakele n'chakuti onse ankakumbukira bwinobwino. Mizere ikafika pamenepo inkakhota yokha. Mvula yoyamba ikagwa, palibe ankatcherapo ngumbi. Koma iye akangoti atchule dzina la Kalebe kuchitsime, amayi anzake ankayamba kudandaula za mtengo wa sopo.

Patapita zaka zoposa khumi, pasukulu ya m'mudzimo panabwera mphunzitsi wamkulu watsopano, a Reinford, munthu wochangamuka wosadziwa kanthu za kumeneko. Ankafuna njerwa zomangira kalasi, ndipo aliyense amadziwa kuti njerwa zolimba zimachokera pachulu. Anayendayenda, n'kupeza chulu chachikulu chosakhudzidwa ndi khasu, pafupi ndi madzi. Anasangalala ngati atola ndalama.

Tsiku lachitukuko mudzi wonse unasonkhana pamenepo ndi makasu, zikombole ndi ndowa. Rakele anaima kutsogolo. Ankaopa kuti amukumba mlongo wake, komanso pansi pa mtima ankati lero afika pothina, wina anena basi.

"Tiyeni tiyambepo, dzuwa likukwera," anatero a Reinford.

Palibe anasuntha. Amuna akuluakulu anayamba kuyang'ana mipini yawo ngati aiona koyamba. Maso onse anapita kwa a Benjamini, wapampando wa komiti ya sukulu, amenenso anali mkulu wa mpingo wina wa m'mudzimo. Rakele ankawakumbukira atanyamula mtengo wa chigafa ndi manja awiri.

"Aphunzitsi," anatero a Benjamini atakhosomola, "dothi la pano ndi lamchenga. Njerwa zake zimasweka."

A Reinford anawerama, natapa dothi, nalilavulira n'kulikanda ndi zala. "Mchenga wake uti, bambo? Ili ndi dongo lenileni."

"Komanso pamakhala njoka," wina anaponya mawu ali kumbuyo.

"Eya, njoka! Yaikulu!" khamu lonse linavomera mwamsanga, ena mpaka kuyerekeza kutalika kwake ndi mikono.

Apa Rakele zinamukwana. Bodza lina kubadwa iye akuona, ndipo mawa ana adzakhala akulumbira kuti njokayo anaiona! Analanda khasu kwa mayi amene anali pambali pake, nakwera pachulupo.

"Njoka ine sindiiopa," anatero. "A Benjamini, mwati ichi n'chiyani?"

"N'chulu, mayi."

"Ndiye ngati n'chulu, ndikumba. Ana athu aphunzirire m'kalasi ya dothi limeneli. Kapena pali wina amene akudziwa chifukwa choti ndisakumbe? Anene pompano, aphunzitsiwa amve."

Anakweza khasu akupemphera kuti wina atsegule pakamwa lisanatsike. Pakamwa panalibe anatsegula, koma miyendo inathamanga. Amuna anayi anamugwira mikono, ena anamulanda khasu. A Benjamini anafika pafupi, thukuta lili kamukamu, namunong'oneza kukhutu.

"Chonde, mayi, musiyeni Kalebe agone. Ine tulo sindiliona."

Rakele anasiya kulimbana nawo. Zaka zonsezi anali asanamve dzinalo pakamwa pa munthu wina. Misozi inatsika.

"Bwerezani," anawapempha. "Nenani mokweza, chonde. Kamodzi kokha."

A Benjamini anamuyang'ana, ndipo kwa kanthawi zinaoneka ngati anena. Kenaka anatembenukira kwa a Reinford, nakonza kolala ya malaya awo.

"Pepani aphunzitsi, mayiwa mutu suyenda bwino. Chiwathawireni mlongo wawo, akafika pano amayamba zimenezi. N'chifukwa chake sitikumbapo, timawamvera chisoni."

"Zoona, n'kale anayamba," amayi a kuchitsime aja anavomera, akupukusa mitu mwachifundo.

"Muli munthu umu!" Rakele anakuwa. "Muli Kalebe! Anamupha ndi awa, onsewa!"

Ananena zonse, kutchula mayina ndi amene anayambitsa nyimbo. Aka kanali koyamba kuzinena pagulu, ndipo palibe anamuletsa. A Reinford anamvetsera mpaka pamapeto, nkhope yodzaza chisoni. Atatero anauza anthu kuti akafune chulu china, napempha amayi awiri kuti amuperekeze Rakele kunyumba ndipo azimuyang'anira, angadzipweteke.